Kulemba buku la chikondi cha wa m'komboni ndi wa kunyumba ya pamtunda

Chaka chino chokha ndalandira pa WhatsApp nkhani zachikondi zingapo kuchokera kwa achinyamata a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, onse akupempha kuti ndiwaonere. Pafupifupi zonse zimayamba mofanana. Mtsikana wosauka akuyenda m'mbali mwa msewu atasenza mtolo, mnyamata wa galimoto yakuda amuwaza matope, atsika kudzapepesa, aphana maso, basi chikondi chayamba. Pofika mutu wachitatu mtsikana uja ali kale m'galimoto, ndipo sitikudziwa kuti mtolo uja unali wa chiyani, amapita nawo kuti, ndani amaudikira kunyumba. Alibe mudzi, alibe amalume, alibe ngongole kwa munthu. Ndi wosauka basi, ngati kuti umphawi ndi mtundu wa chitenje.

Ine ndimakonda mabuku a anthu awiri osiyana moyo, ndipo ndinalembapo limodzi mothyoka msana. Zimene ndinaphunzira ndi zoti owerenga amagwidwa ndi mpanda umene uli pakati pa awiriwo. Mpandawo ukakhala wa mapesi, woti mbuzi ingaugwetse, buku latha lisanayambe. Ndiye nazi njira zimene ndingakulangizeni kutsata, kuyambira pamene mulibe ngakhale dzina la munthu mmodzi.

Choyamba, mangani mpanda

Kuno tili ndi mwayi, sitifunika kutumiza mnyamata ku London kuti akhale wa dziko lina. Kwerani minibasi ku Limbe yodzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, pa Luchenza mpaka ku Muloza, muziyang'ana pawindo. Kumunsi kwa esiteti kuli komboni: tinyumba tandandalika, mpopi umodzi, zovala zayanikidwa pa waya. Pamtunda, kuseri kwa mitengo, kuli nyumba ya manijala, ya kapinga wometedwa bwino, khonde lozungulira ndi mlonda pachipata. Wapansi ndi ulendo wa mphindi 20. Koma alipo anthu amene anabadwira m'komboni n'kukalambira momwemo osapondapo pakhonde limenelo.

Mpanda umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo muidziwe musanalembe. Tiyi anayamba ku Mulanje mu 1891 pomwe Henry Brown anamudzala pa Thornwood, ndipo ku Thyolo esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Malo aakulu anapita m'manja mwa azungu, anthu okhalapo n'kumalipira lendi ndi thukuta, thangata uja amene anali pakati pa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Alhomwe ambiri anawoloka kuchoka ku Mozambique m'zaka zimenezo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzakhala manja a minda imeneyi. Mpaka lero munda wa banja ku Thyolo ndi kachigamba, pomwe tiyi wafunda mapiri onse. Koma zimenezi musazilembe m'buku ngati mukuphunzitsa Sitandade 8. Zikwanira kuti agogo ake a mtsikana, akuotha dzuwa, aloze ndi ndodo n'kunena kuti, "Pali fakitalepo, amayi anga ankalima nandolo." Atero basi, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Mipanda ina iliponso. Wa Sabata wa ku Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist ali nayo ku Makwasa kuyambira 1902, ndi wa Katolika amene bambo ake ndi akatekisiti. Msilamu ndi Mkhristu. Mnyamata wonyamula katundu wa alendo pa Likhubula kupita ku Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba, ndi mlendo amene akumunyamulira chikwamacho. Wa ku Muloza ndi wa tsidya, ku Milange. Sankhani mpanda umodzi waukulu umene aliyense akuuona, ndi wina wobisika umene awiriwo adzaugunda mochedwa, atakondana kale. Musapitirire iwiri. Mukathira chuma, mpingo, mtundu, ndale ndi ufiti mumphika umodzi, palibe chimene chipse.

Mu chitsanzo chimene ndizigwiritsa ntchito pano, mpanda woonekera ndi wa chuma ndi sukulu. Wobisika ndi wa ukwati: kwa mtsikana ndi kwa chikamwini, mwamuna amakamanga kwa mkazi ndipo ana ndi a mbumba ya mayi, pomwe mnyamata ndi wa ku Mzimba, kumene amapereka malowolo n'kutenga mkazi kupita naye kwawo.

Chachiwiri, valani nsapato mupite

Apa mpamene ambiri amaonera ulesi, ndipo ndi pamene buku limapezera fungo lake. Mbali imene simuidziwa, pitani mukaione. Ngati munakulira m'tauni, pezani mnzanu kapena wachibale wothyola tiyi, mupemphe kuti mukacheze kwawo Loweruka ndi Lamlungu. Muuzeni zoona kuti mukulemba buku, ndipo musapite chimanjamanja, shuga ndi sopo sizilemera. M'munda wa esiteti musalowe popanda chilolezo, ndi malo a eni.

Funsani zinthu zing'onozing'ono. Amadzuka nthawi yanji? Phala amamwera kuti? Dengu likadzadza lamba wake amadya pati, paphewa kapena pachipumi? Makilo a tsiku ndi angati, ndipo opitirira amalipidwa bwanji? Kapitawo akapeza masamba okhwima m'dengu amatani? Wothyola aliyense adzakuuzani za masamba awiri ndi kansonga, koma muone zala zake, mmene zimadera ndi kung'ambika m'mbali mwa zikhadabo, ndi pulasitiki imene amamanga m'chiuno poteteza chitenje ku mame. Mumve mmene pasikelo pamakhalira phokoso, ndi mmene pamakhalira zii kalaliki akamalemba nambala. Mukadutsa pafupi ndi fakitale, imani mununkhize. Fungo la tiyi amene akuuma silifanana ndi la m'kapu.

Ine ndinachitapo manyazi apa. M'buku langa loyamba ndinalemba kuti mu July anthu ali pikitipikiti kuthyola, madengu akusefukira. Mayi wina amene anathyola tiyi zaka zambiri atamuwerengera anaseka mpaka kugwira nthiti. Tiyi wochuluka ndi wa dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April. Miyezi yozizira ndi nthawi yodulira, ndipo antchito ambiri a nyengo amakhala atawapumitsa, ali kumudzi. Cholakwika chimenechi chinandipatsa mphatso, chifukwa ndinazindikira kuti kalendala ya tiyi ikhoza kukhala msana wa buku lonse. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Ngati m'malo mwake munakulira m'komboni, dziko la pamtunda nalonso musalilembe mongoganizira. Olemera a m'nkhani za achinyamata amangomwa wayini ndi kutukwana antchito. Chezani ndi munthu amene anagwirapo ntchito ya ukhukhi kapena ya m'maluwa ku nyumba zimenezo. Adzakuuzani za bwana amene sagona poopa mtengo wa tiyi kumsika wa ku Limbe, ndi za dona amene ali yekhayekha tsiku lonse m'nyumba ya zipinda zisanu, azibale ake ali kutali.

Chachitatu, umbani anthu awiriwo

Tengani mapepala awiri, limodzi la aliyense. Pamwamba lembani chinthu chimene munthuyo akuchifuna kwambiri chimene sichikukhudzana ndi chikondi. Ngati simungathe kudzaza mzere umenewu, munthuyo sanabadwe.

Mtsikana wanga timutche Esinati, wa zaka 23, analekezera Fomu 3 chifukwa cha fizi. Amayi ake atadwala anapinyolitsa munda, ndipo Esinati akuponya ndalama ku banki m'khonde kuti auombole. Ndi mwana wamkazi yekhayo, ndiye munda ndi mbumba zili pa iye. Ali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo sakhululuka msanga. Mnyamata timutche Chawanangwa, wa zaka 27, anaphunzira zaulimi ku Bunda, bambo ake ndi manijala. Akuchita kafukufuku wa mitundu ya tiyi, ngati amene amachitika ku Mimosa ku Mulanje, ndipo mtima wake uli pa mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Ndi wofatsa, koma kufatsa kwake n'kwa munthu amene sanakanepo mawu a bambo ake.

Onani kuti zofuna zawo zikukokera kosiyana asanakumane n'komwe. Wina akufuna kuzika mizu, wina akufuna kuuluka.

Pali zinthu ziwiri zoti ndinene mosapsatira. Onse awiri akhale akuluakulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo, choncho nkhani ya mwana wa sukulu ndi bambo wa galimoto si yachikondi ngakhale mutaipaka mafuta otani. Chachiwiri, mnyamata asakhale amene amalemba ntchito mtsikanayo, kumuyeza makilo kapena kumuchotsa. Aliyense wokhala kufupi ndi minda ya tiyi akudziwa tanthauzo lake kapitawo akauza mayi kuti "tionane mukaweruka." Mukamupatsa mnyamata mphamvu imeneyo, "inde" wa mtsikana sadzamveka ngati inde, ndipo amayi amene anazionapo adzatseka buku lanu. Mukhoza kulemba kapitawo wotero m'bukumo, inde, koma mumulembe monga mmene alili.

Chachinayi, akumanitseni ndipo muwamangirire pamodzi

Kukumana kamodzi n'kosavuta. Chovuta ndi chifukwa choti azionana mobwerezabwereza ngakhale sakufuna, ndipo chifukwacho chichokere ku ntchito kapena ku moyo wawo. M'chitsanzo changa, mizere ina ya tiyi ili pa kafukufuku wa Chawanangwa ndipo iyenera kuthyoledwa payokha. Yagwera Esinati, ndipo ikumuchedwetsa.

"Mayi, mizere ya nsalu yofiirayi muzithyola payokha."

"Ndamva, bwana."

"Ine si bwana."

"Chabwino, bwana." Anali akuyang'ana nsapato zake, zimene zinali zisanalawe matope a ku Thyolo. "Nanga makilo amene nditaye posankhula masamba anuwo, adzalembedwa pa tikiti ya ndani?"

Chawanangwa anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ku Bunda sanaphunzitse zimenezo.

Palibe amene wanena za kukongola kwa mnzake, koma mwaona kale kuti mmodzi akutaya ndalama chifukwa cha mnzake ndipo winayo samadziwa. Mawa abwera ndi yankho, ndipo yankholo lidzakhala lolakwika, chifukwa adzayesa kumupatsa ndalama m'manja pamaso pa anzake. Mutu wachiwiri mwaupeza kale.

Tsopano chida chachikulu chimene Chichewa chinatipatsa ulere: inu ndi iwe. Anthu awiriwa ayamba ndi "mayi" ndi "bwana", kenako "achemwali" ndi "achimwene", kenako mayina, koma akadali pa inu. Sungani iwe ngati mbewu. Musamutaye m'mutu wachitatu. Tsiku limene Esinati adzati, "Iwe, ugwa pamenepo," akuwoloka pa mlatho wa mitengo mvula itagwa, n'kudzigwira pakamwa, owerenga a Chichewa adzamva zimene masamba khumi a "ndimakukonda" sangathe kunena. Ndipo akadzayambana, abwezereni pa inu. Palibe mpeni wakuthwa ngati "Zikomo, bwana" wochokera kwa munthu amene dzulo amati iwe.

Chachisanu, lowetsani abale, ndipo muwapatse zifukwa zomveka

Kwathu kuno anthu awiri sakwatirana okha. Pali amalume, eni mbumba, pali ankhoswe a mbali zonse, pali azakhali, pali anzake a kumpingo. Chiyeso chachikulu ndi kusandutsa mayi a mnyamata mfiti yolusa, amalume a mtsikana chidakwa chadyera. Pewani. Mayi a Chawanangwa anagulitsa mandasi kuti bambo ake amalize sukulu, anachoka kutali kuti afike pakhonde limenelo, ndipo akuopa kuona mwana wawo akubwerera kumene iwo anathawa. Amalume a Esinati anaonapo atsikana atatu a m'mudzimo atapatsidwa mimba ndi anyamata a pamtunda amene anasamutsidwa n'kusowa. Akati, "Mphwanga, chikomekome cha mkuyu," sakunama. Owerenga azivutika posankha mbali.

M'buku lotere muli mitu iwiri imene ndimati ndi mitima yake, ndipo muipatse malo okwanira: tsiku limene aliyense akadya kwawo kwa mnzake.

Chawanangwa akafika kumudzi, amupatsa mpando wokhawo umene ulipo, ena onse ali pamkeka. Esinati abwera ndi madzi osamba m'manja n'kugwada, ndipo iye asowa poyang'ana. Amuphera nkhuku n'kumuikira nthutumba, iye adya mosangalala osadziwa kuti inali thadzi yokhayo yoikira mazira. Amayi a Esinati samukhalira pafupi, amalankhula naye ali chapatali atapenya kumbali, iye n'kumaganiza kuti amuda, pomwe ndi ulemu wa upongozi. Amalume amuyesa ndi kalongonda, nyemba zija zofunika kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti zisazunguze mutu, n'kumamuyang'ana ngati atafune kapena abise m'thumba. Kenako amuonetsa kamalo kuseri kwa nthochi: "Apa mpamene amamanga akamwini." Amwetulira, koma m'mimba mwazizira.

Esinati akapita pamtunda, miyendo yake yokha imutengera kukhomo la kukhitchini, chifukwa ndi kumene anthu a kwawo amalowera. Khukhi wa panyumbapo ndi bambo wa m'mudzi mwawo, amene iye amawatcha amalume kuyambira ali mwana. Lero bambo amenewo ayenera kumuperekera mbale patebulo. Esinati adzuka kuti awalandire, mayi a Chawanangwa ati, "Khalani pansi, ndi ntchito yawo." Lembani manja a bambowo akuika mbale. Lembani mmene sakuyang'anirana. Mpeni ndi foloko musataye nazo nthawi, aliyense analemba kale zimenezo.

Chachisanu ndi chimodzi, yalani mitu

Buku lochepa bwino ndi la mitu 20, uliwonse wa mawu pakati pa 1,500 ndi 2,000, zonse pamodzi mawu 30,000 mpaka 40,000. Mukamalemba mawu 500 patsiku, miyezi itatu isanathe mwamaliza kulemba koyamba. Tengani pepala lalikulu, mulembe manambala 1 mpaka 20, ndipo pa nambala iliyonse chiganizo chimodzi chonena chimene chasintha pakati pa awiriwo. Mutu umene palibe chasintha, ufafanizeni.

Apa mpamene kalendala ya tiyi imagwira ntchito. Yambani mu November, mvula yoyamba itagwa, esiteti ikulemba anthu. December mpaka February ndi ntchito yakalavulagaga ndi njala m'mudzi, nthawi yokangana ndi kuyamba kuzolowerana. March ndi April, iwe uja atuluke. Cha mu May kapena June ntchito ya Esinati itha, chifukwa choonerana chatha, ndiye ngati Chawanangwa akumufuna ayende yekha wapansi kupita kumudzi anthu akuona. June ndi July kuli chiperoni, kamvula kozizira kaja kochokera ku mapiri a ku Mozambique, phiri la Mulanje osaoneka masiku atatu. Imeneyo ndi nyengo ya maulendo awiri a chakudya aja ndi kupatukana. October kwatentha, ku Chonde kuli mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ng'oma za tchopa zikugunda, khamu la anthu loti awiri osalankhulana akhoza kugundana mapewa. November mvula ibweranso, esiteti ikulembanso, kalata ya maphunziro akunja yafika. Aliyense asankhe.

Kupatukana kwawo kuchokere mumpanda ndi m'zofooka zawo. Chawanangwa akhale chete pomwe bambo ake akunyoza. Esinati akane kumva kupepesa. Musabweretse kalata yabodza ya mtsikana wansanje, kapena foni imene yangothera moto pa nthawi yake. Ndipo chenjerani ndi ngozi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola midzi ndi anthu ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Blantyre, ndipo owerenga anu ena anaika abale awo, ena sanawapeze n'komwe. Ngati mukumulowetsa m'buku, akhale nkhani yolemera payokha. Kumubwereka kuti mnyamata apeze mpata wonyamula mtsikana m'manja ndi chipongwe.

Chachisanu ndi chiwiri, chilankhulo

Ganizani m'Chichewa. Ndikawerenga kuti "mtima wake unadumpha kugunda kumodzi" kapena "anagwa m'chikondi mutu pansi", ndimadziwa kuti wolembayo amaonera filimu m'mutu n'kumamasulira. Ife timati mtima unangoti phwii, kapena myuu, thupi linachita tsembwe, anangoti kukamwa yasa. Mvetserani mmene atsikana amanenera pachitsime za mnyamata amene awasangalatsa. Nthawi zambiri amamunyoza.

Kusiyana kwa awiriwo kumveke pakamwa. Chawanangwa amasakaniza Chingerezi osadziwa, ndipo akapsa mtima kapena akamalankhula ndi amayi ake, Chitumbuka chimatuluka. Agogo a Esinati akafuna kuti mlendo asamve amatembenukira ku Chilhomwe. Mawu awiri atatu akwanira, ndipo muwafunse kwa mwini chilankhulo, musapeke. Miyambi ikani pakamwa pa akuluakulu, ndipo isachuluke. Mtsikana wa zaka 23 woponya mwambi pa tsamba lililonse sindinakumanepo naye.

Za kuchipinda, mwambo wathu uli ndi njira zake zonenera mophiphiritsa, ndipo chitseko chikatsekedwa owerenga si ana. Buku limene mungaliwerenge mokweza azakhali anu ali pomwepo lidzayenda manja ambiri.

Chachisanu ndi chitatu, mathero

Owerenga buku lachikondi amayembekeza kuti awiriwo akhala pamodzi, ndipo si bwino kuwanamiza. Koma alipire. Njira yachidule imene ndaiona kambirimbiri ndi yoti mtsikana wosauka uja apezeka kuti ndi mwana wotayika wa mpondamatiki. Imeneyo ikutanthauza kuti wolemba nayenso akuvomereza kuti wa m'komboni sayenera wa pamtunda. Inanso ndi yoti mnyamata angolemba cheke, munda waomboledwa, amalume avina. Ndiye chaka chonse chimene Esinati anaponya ku banki m'khonde chinali cha chiyani?

M'chitsanzo changa Esinati aombola yekha munda. Ankhoswe a mbali ziwiri akhala pansi kawiri osamvana, kachitatu n'kupeza njira imene palibe mbali yakhuta nayo: a ku Mzimba apereka kangachepe koti asachite manyazi kwawo, koma nyumba imangidwa pa Luchenza, pa malo ogula, ndipo munda ukhalabe m'dzina la Esinati. Chawanangwa achedwetsa ulendo wake wakunja osadziwa ngati mwayi udzabweranso. Bambo ake abwera kuchinkhoswe koma sakhalitsa. Inu mupeze anu mathero, koma muwerenge pa zala chimene aliyense wataya. Ngati wataya ndi mmodzi yekha, bwererani.

Pomaliza, konzani ndi kutulutsa

Ambiri mukulembera pafoni, ndipo palibe cholakwika. Koma mutu uliwonse ukatha, dzitumizireni pa imelo kapena muusunge pa Google Drive tsiku lomwelo. Ine mitu isanu ndi umodzi inapita ndi foni m'minibasi, ndipo imene ndinalembanso sinafike pa ija.

Mukamaliza, siyani bukulo milungu iwiri osalitsegula. Kenako liwerengeni mokweza kuyambira poyamba, pensulo ili m'manja. Pamene lilime lapunthwa, pali vuto. Yang'anani kalembedwe: ngati mwalemba "m'munda" pa tsamba 4, isakhale "mmunda" pa tsamba 9. Mphunzitsi wa Chichewa wa kusekondale yapafupi akhoza kukuthandizani pa zimenezi, mumuthokoze ndi kenakake.

Kuika mitu pa Facebook, umodzi pa sabata, ndi njira yabwino yoonera ngati anthu akugwidwa. Ndemanga zikayamba kukangana, ena ali kwa amalume ena ali kwa Chawanangwa, dziwani kuti mpanda wanu waima. Koma musanaponye buku lonse pagulu, pitani kapena lemberani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, mukalembetse ntchito yanu, chifukwa nkhani zimakopedwa n'kuikidwa mayina a ena. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union nalonso ndi pabwino kudziwana ndi anzanu. Mukafuna kusindikiza nokha, funsani mitengo malo atatu ku Blantyre kapena ku Limbe, muyambe ndi mabuku ochepa oti mukhoza kuwanyamula m'chikwama, ndipo muone kaye buku limodzi lachitsanzo musanalipire zonse.

Koma zonsezi zisanachitike, pezani owerenga awiri, mmodzi wa mbali iliyonse ya mpanda, ndipo asakhale okukondani kwambiri. Amene sadziwa kuwerenga, muwerengereni, muziyang'ana nkhope yake. Ine ndinabwerera kwa mayi uja anandiseka za July, n'kumuwerengera mutu wotsiriza, pamene mtsikana amva kuti mnyamata akukwera basi, n'kuthamanga kuchoka m'munda kupita kusiteji. Ndinkayembekeza misozi. Mayiyo anakhala chete, kenako anati, "Aphunzitsi, nanga dengu walisiyira ndani? Lija ndi la kampani, amudula pa malipiro. Ndipo masamba ali m'menemo ndi a theka la tsiku."

Ndinabwerera kunyumba n'kulembanso mutuwo. Mtsikana anayamba wapita kusikelo, anaima pamzere mtima uli m'malere, anayezetsa, anaona kalaliki akulemba nambala, n'kupereka dengu. Atafika pasiteji basi inali itapita, ndipo ndinafunika mitu ina iwiri kuti ndiwakumanitsenso.